Injini Imene a Folomani Sanamalize

Amakaniko akale ali ndi kalamulo kawo kamene simungakapeze m'buku lililonse. Amati mnzako akamwalira atasiya injini yotsegula, usangotola sipanala n'kupitiriza pamene iye analekezera. Uyambe wamasula nati iliyonse imene dzanja lake linamanga, kenako ulankhule ndi pakamwa, ngakhale m'galajamo muli iwe wekha, kuti: "Ntchito ndalandira, pumulani." Achinyamata a masiku ano amaseka akamva zimenezi. Gelesomu Likhutcha sankaseka, chifukwa anakulira m'manja mwa anthu akalewo, ndipo lamulolo ankalidziwa bwinobwino. Kungoti tsiku limene anafika ku Luchenza anali atatopa.

Kutopa kwake sikunali kwa basi yokha. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akuyendayenda ndi chikwama cha zida: ku Tete, ku Beira, ku Chipata, mpaka ku Joni kumene anthu amapita ndi mano onse n'kubwerako ndi jekete. Anagonapo pansi pa malole ambiri kuposa pa mabedi. Msana unali utayamba kumulankhula m'mawa uliwonse. Chimene chinamubweza kwawo ndi foni ya mchemwali wake, Felesiya.

"Achimwene, mwana wanu uja wafuna kudzipha ndi galimoto. Ine ndalankhula, pakamwa pauma. Ndinu malume ake, bwerani mudzaone."

Mwanayo anali Hasiwelo, bambo wa ana awiri, woyendetsa lole ya tiyi. Anali atagula kagalimoto kakale ka zitseko ziwiri, n'kukachotsa mipando yakumbuyo, n'kulembetsa mpikisano umene unali kudzachitika Loweruka m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi. Injini anakaipereka kwa a Nampinga, amene tawuni yonse inkawatchula kuti a Folomani, munthu yemwe anaphunzitsa Gelesomu kugwira sipanala. Koma masabata atatu apitawo a Folomani anapezeka atafa masana dzuwa lili pamutu, atakhala pa mpando wa minibasi umene unali m'galajamo, injini ili chotsegula patsogolo pawo.

Gelesomu anatsika basi Lolemba. Luchenza amene ankamukumbukira, wa sitima zoliza mluzu ndi malole ofola pa siteshoni, anali atatha. Njanji inali itamera udzu. Galaja yokha ndi imene sinasinthe: malata akuda ndi utsi, pansi pothimbirira ndi oyilo wa zaka makumi anayi, ndi fungo lija la petulo losakanikirana ndi fodya wa m'mphuno.

"Mundimvetse bwino, malume," anatero Hasiwelo akutsegula loko. "Sindinakuitaneni kuti mudzandiletse. Amayi ndi amene akufuna zimenezo. Ine Loweruka ndikuthamanga, kaya ndi injini yanu, kaya ndiimanga ndekha ndi mawaya."

"Ukamanga wekha ndiye kuti tiyambiretu kugula matabwa," anayankha Gelesomu. "Sendera ndione."

Anaona. Hedi, chigawo chapamwamba cha injiniyo, inali itapalidwa ku Limbe kuti mphamvu ichuluke, ndipo anali ataikamo kamu yothamangira, ya mapewa aatali, yokankha mavalavu mozama kuposa ya masiku onse. Injini yotere ilibe chisoni. Valavu ikamatsika, pisitoni imakhala ikukwera, ndipo zimaphonyana ndi kampata kochepa ngati chikhadabo. Pamwamba, pamene rokala, kachitsulo kokankha valavu, imagunda valavuyo, pamafunikanso mpata wake, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Mpata umenewo ukathina, valavu siitsekeka. Imapsa, kapena pisitoni imaipeza panjira n'kuidula mutu, injini n'kuuma nthawi yomweyo. Ukakhala ukupita kumsika, umangotsika n'kukankha. Koma msewu wa Loweruka unali ndi mtsetse wautali wotsikira pa mlatho wa matabwa, ndipo matayala akumbuyo akauma pamenepo, munthu phazi lili pansi, amakamutola ndi anthu othyola tiyi.

Hedi inali itamangidwa theka. Akanayamba ndi kumasula zonse n'kunena mawu aja. Koma anayang'ana manatiwo, anamva msana, n'kunena mumtima kuti ndidzanena mawa. Anangomasula zimene zinkamutchinga, zina n'kuzisiya.

Madzulo amenewo anachita muyeso wa dongo monga anaphunzirira. Anamata dongo lofewa pamutu pa pisitoni, anabwezera hedi, anazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, n'kuchotsanso hedi. Mavalavu anali atadinda timaenje tiwiri m'dongomo. Chotsala chinali kudula dongolo ndi lezala n'kuyeza kukhuthala kwake, koma kuwala kunali kutachepa. Anafunditsa nsanza, anatseka galaja, makiyi n'kuika m'thumba mwake.

Lachiwiri m'mawa atavundukula nsanzayo, timaenje tija panalibe. Dongo linali litaphwatalala, ndipo pakati pake panali chidindo cha chala chachikulu.

Anaima nthawi yaitali akuchiyang'ana. Chidindocho chinali ndi mzere wozama wodutsa pakati, ngati chala chimene chinang'ambikapo n'kupola. Iye analipo tsiku limene lamba wa thalakitala anang'amba chala cha a Folomani. Ndi iye amene anathamangira nsalu. Anayang'ana loko, anayang'ana zenera la mawaya. Kenako anakanda dongolo ndi sipanala, n'kulitaya kunja. Anadziuza kuti mwina analigwira yekha mosazindikira. Munthu wotopa amakhulupirira chilichonse chimene chingamulole kupitiriza ntchito.

Anabwereza muyesowo, ndipo ulendo uno anadula dongo nthawi yomweyo. Mpata wa pisitoni unali wokwanira, ngakhale unali wochepa. Anamanga hedi, anaika marokala, n'kutulutsa fila, kachida kaja ka timasamba tachitsulo topyapyala, kalikonse kolembedwa nambala yake. Pepala limene linabwera ndi kamu linkati mpata ukhale sate, kasamba ka nambala makumi atatu. Anatchera mavalavu onse asanu ndi atatu pa sate, kasamba kakulowa mokoka pang'ono ngati mpeni m'papaya losapsetsa. Batire sanaike. Petulo munalibe ngakhale dontho.

Mavalavu amayezedwa injini ili yozizira, n'chifukwa chake makaniko weniweni amalawirira. Lachitatu Gelesomu anafika nkhungu ya ku Thyolo isanachoke m'minda. Unali mwezi wa Juni, zala zikuuma. Anatsamira pa hedi kuti atsegule chivundikiro, ndipo anabweza mkono msanga.

Injini inali yofunda.

Sikunali kutentha kwa moto ayi. Kunali kufunda kuja kwa mpando umene munthu wangodzukapo. Anagwira bodi ya galimoto, yozizira. Anagwira vaisi yopanira zitsulo pa tebulo, yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anagwiranso hedi. Yofunda.

Anatenga fila kuti ayeze, koma kasamba ka sate kanakana kulowa. Valavu yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza, zonse zinali zitathina. Anayesa ka twente, kanakana. Atafuna ka fifitini anapeza kuti pa filapo palibe. Kanali katachotsedwa bwinobwino, kanati kake n'kubwezeredwa. Anaphatikiza ka teni ndi ka faifi. Zinalowa ndendende, pa mavalavu onse.

Hasiwelo anatulukira cha m'ma eyiti, atanyamula mandasi mu nyuzipepala.

"Manati akhwepa okha amenewo, malume. Zimachitika."

"Nati ikakhwepa mpata umakula kapena kuchepa mwachisawawa. Suchepa mofanana pa mavalavu eyiti."

"Nanga mukuti bwanji? Makoswe a ku Luchenza anapita ku sukulu ya umakaniko?" Anaseka, anaika dzanja pa hedi, ndipo kuseka kunachepa. "Mwina dzuwa lalowera pa bowo la malata."

"Dzuwa liti? Tayang'ana kunja."

Hasiwelo anayang'ana nkhungu, n'kuluma mandasi. "Ku Beira kuja munkamwa chiyani, malume? Mundipatseko, chikuoneka kuti n'champhamvu."

Atachoka, Gelesomu anachita zimene anayenera kuchita Lolemba. Anamasula nati iliyonse imene ankaiganizira kuti inamangidwa ndi a Folomani, anavula chipewa, n'kunena mokweza kuti, "Ntchito ndalandira, pumulani." Mawuwo anagwera pansi ngati nsanza yonyowa. Anadikira mpaka masana kuti chitsulo chizizire, anamanganso zonse, anatchera pa sate. Kenako anatenga penti yoyera ndi kamtengo ka machesi, n'kudontheza kadontho pa nati iliyonse, kuti ikasunthidwa aone.

Lachinayi anapeza injini yofunda, mavalavu ali pa fifitini. Madontho ake anali atasweka, kusonyeza kuti manati anazungulitsidwa. Koma wina anali atayesa kuwabwezera. Panali madontho atsopano asanu ndi atatu, penti isanaumitsitse, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linagwera pa nati. Lina linali pa rokala, lina pa sipuling'i, lina m'mphepete mwa hedi. Onse anaphonya ndi chala chimodzi kapena ziwiri.

Gelesomu anakhala pansi pa chitini cha oyilo. Kuphonya kumeneko ankakudziwa.

Ali chikhalire, pakhomo panaima munthu wa kabaza, wamtali, wovala chipewa chaubweya, akukankha njinga.

"Odi kuno! A Gelesomu ndinu?"

"Ndine. Wakutuma ndani?"

"Madala a muno. Akuti mundimangire pedulo, yakhala ikugwedera kuchokera ku Migowi. Ine kuno ndi mlendo, ndayamba dzana."

"Madala ati?"

"Aafupi, a ovololo yabuluu yong'ambika pathumba. Anandiimitsa pa njanji paja m'mamawa, nkhungu ili tolo. Ndimati akufuna kukwera, koma ayi. Anatulutsa kachitsulo kopyapyala, akuti, 'Mwanawe, tandiwerengera nambala ili apa.' Ine kuyang'ana, ndikuti fifitini. Eee, kunali kulakwa! Akuti, 'Wabodza iwe, ameneyu ndi sate. Ana a masiku ano kusukulu munkapitira phala.'" Wakabazayo anaseka. "Kenako akuti pedulo yakoyo ikulira, pita kugalaja kwanga, mnyamata wanga Gelesomu wabwera. Akuti ndi waulesi, amasiya mavalavu okhwepa, koma pedulo yokha angathe."

Gelesomu anamanga peduloyo. Sipanala inaterereka kawiri.

"Anapita kuti atachoka pamenepo?"

"Komweko ndi kumene sindinaone bwino. Ndinawerama kuyang'ana pedulo, podzuka ndinangoona nkhungu. Koma amayenda mokhwekhwereza mapazi, dzanja lili kutsogolo. Muziwaperekeza, akulu, adzagwera mu ngalande."

Masana Hasiwelo anabwera pa nthawi ya chakudya, ndipo atamva zonse anakanda m'mutu.

"Chabwino. Tinene kuti ndi zoona. Agogowo amagwira ntchito usiku, si choncho? Ndiye ife tidzatchera Loweruka m'mawa, pamalo ponyamukira pomwepo, ine n'kulowa n'kunyamuka. Adzandithamangira ndi sipanala?"

Nzeruyo inaoneka ngati yabwino. Kuti aiyese, anatchera limodzi pomwepo, Gelesomu akumanga, Hasiwelo akuzungulitsa injini. Atamaliza anatuluka kukagula tiyi pa kanyumba ka tsidya la msewu, chitseko cha galaja chili chotsegula, maso awo ali pomwepo. Dzuwa linali litatuluka, ana a sukulu akudutsa, wina akuliza wailesi. Palibe amene analowa.

Tiyi ali pakati, Gelesomu anatsitsa kapu. M'galajamo munkamveka kaphokoso kakang'ono. Ke. Kenako chete. Ke. Kulira kwa sipanala yaing'ono ikamagunda rokala. Anawerenga mumtima. Kanalira kasanu ndi katatu, n'kusiya.

Anawoloka msewu osathamanga. M'galajamo munalibe munthu. Mpando wa minibasi uja unali ndi dzenje pakati, ndipo akuuyang'ana, siponji inkakwera pang'onopang'ono kubwerera m'malo mwake.

Hasiwelo anayeza yekha. Fifitini.

Anapukuta manja nthawi yaitali, nkhope itagwa. Koma anali mwana wa Felesiya, ndipo m'banja limenelo munthu akanena chinthu pagulu sabwerera.

"Anzanga onse kuntchito akudziwa kuti ndikuthamanga. Ana anga apenta nambala pa chitseko ndi manja awo. Ndithamanga basi, malume. Fifitiniyo mwina ipirira."

"Siipirira. Pofika pa mtsetse paja injini idzakhala itapsa ngati mbaula."

"Ndiye konzani. Si paja munabwerera zimenezo?"

Lachisanu Gelesomu sanapite kugalaja m'mawa. Anapita kuseri kwa msika, kunyumba ya a Folomani, kumene anayenera kukapepesa maliro tsiku lomwe anafika. Anapeza amake Dolika, mkazi wa malemuwo, akusankha nyemba pakhonde. Anakhala pansi, anapepesa, anafunsana za moyo. Mayiwo anamuyang'ana ndi diso la m'mbali.

"Wakalamba, Gele. Kunjako sakudyetsa?"

"Amadyetsa fumbi, amayi."

"Ndiye wabwera ndi nkhope imeneyo chifukwa cha maliro a masabata atatu, kapena akukuvutitsa kugalaja?"

Gelesomu anadzidzimuka. Mayiwo anapitiriza kusankha nyemba.

"Ovololo yawo ndinaichapa, ndinaipinda, ndinaika m'sutikesi. M'mawa uliwonse ndimaipeza pa msomali kuseri kwa chitseko, ili ndi oyilo watsopano. Ndasiya kuchapa. Sopo wake ndani?"

Apo Gelesomu anafotokoza zonse, za dongo, za penti, za wakabaza. Atafika pa nambala ija, mayiwo anaika lichero pansi.

"Ndiye ukudabwa chiyani? Si inu nomwe munawalera choncho?"

Gelesomu anawerama, chifukwa zinali zoona. Maso a a Folomani anayamba kuchita nkhungu iye akadali pagalajapo. Poyamba ankangotalikitsa fila powerenga. Kenako anayamba kutola kasamba kolakwika. Koma ndani akanawauza? Munthu amene anakonzapo magalimoto a azungu a m'minda ya tiyi, munthu amene anakutola uli wosavala nsapato n'kukupatsa ntchito ya m'manja, ungamuyang'ane n'kunena kuti bambo, simukuona? Ndiye anyamata anapangana. Faifi koloko ikakwana, a Folomani ankasamba m'manja ndi petulo ndi mchenga, n'kupita kwawo. Gelesomu ankatsala, akunamizira kusesa, n'kumasula zonse zimene iwo anamanga tsikulo, n'kutcheranso. Zaka zisanu ndi chimodzi anachita zimenezo. Magalimoto ankatuluka akulira bwino, eni ake n'kumatamanda a Folomani, a Folomani n'kumadziguguda pachifuwa kuti galimoto yotuluka m'manja mwanga siibwerera. Tsiku lina bodzalo linamulemera Gelesomu, koma m'malo molankhula anakwera basi ya ku Mwanza, n'kusiyira ntchito yosesayo anyamata ena.

"Womaliza anachoka chaka chatha," anatero amake Dolika. "Anatsala okha. Anthu anali atasiya kubweretsa magalimoto, ankangobwera ndi njinga. Ndiye mwana wa Felesiya atabwera ndi injini ija, a Folomani anasangalala ngati mwana. Akuti iyi ndiye ya dzina langa. Inenso sindine woyera, Gele. Ndinkawawerengera Baibulo madzulo n'kumanama kuti ndikufuna kuzolowera kuwerenga pagulu. Mchere ndinkawaikira pafupi ndi dzanja. Tonse tinkati ndi ulemu."

"Ndinawauza kuti ntchito ndalandira, apumule."

"Apumule bwanji, akuona iwe ukuwononga injini yawo? Kwa iwo wolakwitsa ndiwe. Sanalakwitsepo chiyambire, munaonetsetsa zimenezo." Anatolanso lichero. "Ine sindingathe, ndinakhala nawo zaka makumi asanu. Iwe unathawa. Amene anathawa ndi amene ali ndi pakamwa."

Anafika kugalaja dzuwa litapendeka. Anatchera mavalavu pa sate, mosafulumira, n'kusiya chivundikiro chotsegula. Anakoka chitini cha oyilo n'kuchiika patsogolo pa mpando wa minibasi, chapansi, pamene ankakhala akamakalipiridwa ali mnyamata. Anavula chipewa, anakhala, n'kudikira faifi koloko.

Kunja anthu ankaweruka. Njinga zinkadutsa, mayi wina ankaitanira chinangwa chophika. Kenako phokoso lonselo linakhala ngati lapita kutali, ngati munthu walowetsa mutu m'madzi. Fungo la fodya wa m'mphuno linakula. Masipuling'i a mpando uja analira pang'ono.

Gelesomu sanakweze maso. Ankayang'ana pansi, pamene panali oyilo wakale, ndipo m'mphepete mwa diso ankaona chinachake chabuluu chimene sanafune kuchiona bwino.

"A Folomani," anayamba. "Ndabwera ndi mlandu, ndipo wolakwa ndine."

Anaika chipewa pa bondo n'kupitiriza.

"Kasamba muli nako m'thumbamo ndi fifitini. Wakabaza uja sananame. Sate ali pa fila yanga, ndi uyu."

Pa tebulo sipanala ina inagubuduka yokha n'kugwa pansi. Mpweya wa m'galajamo unalemera ngati mvula ikufuna kugwa. Gelesomu anamva mantha a mwana, aja omwe ankamva akathyola bauti, ndipo miyendo inkamuuza kuti basi ya ku Limbe ikadalipo pa siteji. Koma anaganiza za mlatho wa matabwa, ndi Felesiya, ndipo anakhalabe.

"Maso anu anatha kalekale, bambo. Chaka chija munadwala malungo aakulu, kuyambira pamenepo. Lole ya a Mulipa imene munkanyadira ija, ndinatcheranso ndine. Ambulansi ya kumishoni, ndine. Thalakitala zonse za chaka cha njala, ndine. Inu mukapita kunyumba ine sindinkasesa. Nditachoka anatsala Dagalasi, atachoka Dagalasi anatsala Yohane. Tonse tinkadziwa. Amayi ankadziwa. Tinakuberani zaka zambiri, tikuti tikukulemekezani." Analoza injini. "Manja anu ndi abwino mpaka lero, mavalavu onse mwatchera mofanana ngati makina. Koma nambala ndi yolakwika. Mwana wa Felesiya akakwera galimoto iyi mmene mwaisiyiramo, Lamulungu tikumba manda. Ndipo anthu adzati injini yake inali ya a Folomani."

Anadikira mpaka kuwala kwa pa zenera kunasuntha kuchoka pa vaisi kufika pakhoma. Ankayembekezera ukali, mwina nyundo kuuluka, mwina malata kugwedezeka. Zimenezo akanazipirira.

Chimene anamva ndi kupuma kumodzi kwakutali, kwa munthu wokalamba amene wauzidwa za maliro.

Kenako kanthu kanagwa pa simenti, ngwee. Kasamba ka fifitini kanali pafupi ndi nsapato yake, kali kopindika pang'ono ndi kugwiridwagwiridwa.

Masipuling'i analiranso. Pa ngodya, m'chitini cha petulo wosambira m'manja, munamveka kukhuvula, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako mapazi okhwekhwereza. Sanalunjike kuchitseko. Anapita chakumanja, ndipo mulu wa marimu akale a matayala unagwedezeka ngati wagundidwa ndi bondo. Mapaziwo anaima. Anayesa mbali ina, ndipo chitsulo china chinalira.

Zaka zonsezo munthuyo ankayenda m'galajamo ngati woona, chifukwa ankakhulupirira kuti akuona. Tsopano anali atauzidwa.

Gelesomu anaimirira, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Kumanzere, a Folomani. Pamenepo pali jeke. Eya. Bwerani kutsogolo, masitepe atatu. Pakhomo pali chitsulo, kwezani phazi."

Chitseko cha malata chinasuntha pang'ono, mpata wokwana munthu wamfupi. Gelesomu anatuluka nawo. Anthu a ku Luchenza amene anali panjira madzulo amenewo amanena mpaka pano kuti anaona makaniko wobwera kuchokera kunja uja akuyenda yekha pang'onopang'ono m'mphepete mwa msewu, chipewa chili m'manja, chigongono atachitambasula ngati wagwiridwa ndi wina, akulankhula motsitsa: apa pali ngalande, apa pali mwala, njinga ikubwera, imani kaye. Anayenda choncho mpaka pa njanji. Pamenepo anaima nthawi yaitali, kenako mkono uja unagwa, ndipo anabwerera.

Loweruka analawirira. Hasiwelo anamupeza ataima pafupi ndi galimoto, dzanja lili pa hedi.

"Bwanji, malume?"

"Gwira."

Hasiwelo anagwira. Chitsulo chinali chozizira mpaka kuluma zala.

"Ndiye kuti zatheka! Mwayeza?"

"Ndayeza. Koma yezanso iwe." Anamupatsa fila. "Ndipo umve bwino. Ukapeza cholakwika, undiuze pamaso panga pompano. Usadikire kuti ndipite kukataya madzi."

"Aa, malume, inu mungalakwitse? Munthu woti mwakonza malole mpaka ku Joni?"

"Yeza."

Hasiwelo anawerama. Yoyamba, kasamba kanalowa mokoka bwino. Yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Pa yachisanu ndi chimodzi anachedwa. Anatulutsa kasamba, anakapukuta pa buluku, anayesanso. Kenako anadumphira pa yotsatira.

"Imeneyo bwanji?"

"Ili bwino."

"Hasi."

Hasiwelo anayang'ana pansi, anakanda khutu, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Yathina, malume. Osati kwambiri. Koma sate sakulowa. Ndipo kasamba kamene munasiya kotsegula pa filapa ndi ka twente."

Gelesomu anatenga filayo, anaitalikitsa, anaipendeketsa kuti kuwala kugwerepo. Manambala aja anali ngati nyerere zoyenda m'madzi. Anaikanso dzanja pa hedi. Inali yozizira ndithu; panalibe wina womunamizira.

"Chabwino," anatero. "Iwe gwira fila, uziwerenga mokweza. Ine ndigwira sipanala."

Anatchera yachisanu ndi chimodziyo, n'kubwereza zonse kuyambira poyamba. Anaika batire, anathira petulo. Injini inatsokomola kawiri, n'kulira, mavalavu akuimba kaphokoso kosalala ngati makina osokera.

Kumpikisano Gelesomu sanaime ponyamukira. Anakwera yekha kamtunda ka pakati pa tiyi, pamene mtsetse wonse umaonekera, ndi mlatho pansi pake, ndi msewu wokwera tsidya linalo. Panali kale amayi angapo othyola tiyi, madengu ali pansi, akuonerera. Magalimoto ankanyamuka imodziimodzi. Ya Hasiwelo inali ndi nambala fotini pa chitseko, yopentedwa mokhotakhota.

Anaizindikira ndi khutu isanatulukire. Inabwera ikukuwa pamwamba pa mtsetse, fumbi lofiira lili pambuyo, ndipo mwana wa Felesiya sanachotse phazi. Kulirako kunakwera, kunakwera, mpaka Gelesomu anamva mano ake akuluma. Galimoto inalowa m'mitengo ya bulugamu ya pa mlatho, ndipo phokoso linazimirira.

Fumbi linkatsika pang'onopang'ono pa masamba a tiyi.

Kenako tsidya lija kanthu kanatuluka m'mitengo, kakukwera phiri. Gelesomu anatsinzina, anatong'ola maso, koma ankangoona kachinthu kotuwa kokoka fumbi. Anatembenukira kwa mayi amene anali naye pafupi.

"Pepani mayi, maso angawa ndi akale. Galimoto yatuluka kutsidyako, nambala yake ndi chiyani?"

Mayiyo anaika dzanja pachipumi.

"Fotini, bambo. Ndi yanu?"

"Ndi yathu," anatero Gelesomu, ndipo anakhala pansi pa udzu wonyowa.